Njinga yoyamba yothamanga: ndalama zipite pati?

Munthu akayamba kusirira njinga zamatayala owonda ndi mahandulo opindikira pansi, zimene ambiri amazitcha zampikisano, chimene chimam'bweza m'mbuyo ndi mtengo. Njinga imodzi ya akatswiri opalasa pa Tour de France ikhoza kudya ndalama zogulira galimoto yakaunjika. Otsatsa malonda nawo sakamba zambiri koma kupepuka kwa njingayo ndi kuchuluka kwa magiya ake, ndipo wongoyamba kumene amaganiza kuti popanda ziwirizi ndiye kuti wagula chinyengo. Maganizo amenewa ndi olakwika. Njinga yoyamba iyenera kukhala ya msinkhu wa mwiniwake, komanso yoti ikawonongeka zipangizo zake zipezeke kumene iye amakhala. Zina zonsezo zikhoza kudikira.

Tiyambe ndi kupepukako, poti ndi kumene kumathera ndalama zambiri. Bungwe loyang'anira mipikisano ya njinga padziko lonse, UCI, linakhazikitsa lamulo m'chaka cha 2000 loti njinga yampikisano isapepuke kuposa makilogalamu 6.8. Njinga zotsika mtengo za felemu ya aluminiyamu, monga Giant Contend, Specialized Allez kapena Triban RC120 ya Decathlon, zimalemera pafupifupi makilogalamu 10 kapena 11. Kusiyanaku kumaoneka kwakukulu mukainyamula njinga ndi dzanja m'sitolo, koma pachitunda miyendo simakankha njinga yokha, imakankhanso thupi. Munthu wa makilogalamu 70 pa njinga ya makilogalamu 10 akukweza 80. Akalipira ndalama zochuluka n'kuchotsapo makilogalamu awiri, wachepetsa katundu ndi 2.5 peresenti basi. Pamalo athyathyathya ndiye phindu lake n'lochepa zedi, chifukwa chimene chimabweza wopalasa pa liwiro ndi mphepo yomuomba pachifuwa. Felemu ya kaboni ilinso ndi vuto lake: ikagunda mwala imatha kusweka mkati kunja kukuoneka bwinobwino, pamene ya aluminiyamu kapena yachitsulo nthawi zambiri imaonetsa bala poyera.

Msinkhu wa njinga ndi nkhani ina, chifukwa mukaulakwitsa palibe makanika angaukonze. Mafelemu amayezedwa m'masentimita, 52, 54, 56 ndi kumapita mtsogolo, kapena ndi zilembo S, M ndi L, ndipo 54 ya kampani ina siifanana kwenikweni ndi 54 ya inzake. Choncho nambala ndi poyambira chabe. Njinga imayesedwa ndi thupi. Imani felemu ili pakati pa miyendo, mapazi onse ali pansi, ndipo pakhale kampata pakati pa inu ndi chitsulo chapamwamba. Kenako khalani pachishalo, ikani chidendene pa pedulo ili pansi penipeni: mwendo uwongoke popanda chiuno kupendama. Manja akagwira pamabuleki, zigongono zikhale zopindikako pang'ono. Ngati mukuchita kudzikoka kuti mufikire, felemuyo ndi yaikulu, ndipo pakatha ola limodzi khosi, msana ndi zikhatho zidzayamba kudandaula. Chishalo chimakwezedwa ndi kutsitsidwa, kachitsulo kogwira mahandulo kamasinthidwa ndi kakafupiko, koma izi zimangokonza sentimita imodzi kapena ziwiri. Njinga zambiri zimene zimachita dzimbiri kuseri kwa nyumba sizinawonongeke ayi, eni ake anangotopa ndi ululu. Ogulitsa ena, akaona kuti yatsala ndi imodzi yokha, amati "muzolowera". Musamvere.

Pa magiya, dzina limene mukumane nalo kwambiri ndi Shimano, kampani ya ku Japan imene inayamba mu 1921. Zipangizo zake zili m'magulu: Claris ili ndi magiya 8 kumbuyo, Sora 9, Tiagra 10, ndipo 105 ili ndi 11 kapena 12. Pamwamba pake pali Ultegra ndi Dura-Ace za akatswiri. Chofunika kudziwa n'chakuti magiya akachuluka sindiye kuti chitunda chafewa. Amangochepetsa mpata pakati pa giya ina ndi inzake. Chimene chimafewetsa chitunda ndi mano. Kutsogolo kukakhala mano 50 ndi 34, kumbuyo giya yaikulu ili ndi mano 32 kapena 34, munthu wamba amakwera msewu wochoka mu Zomba kupita ku Ku Chawe ali chikhalire. Njinga zakale zampikisano, zokhala ndi 52 ndi 42 kutsogolo ndi 23 kumbuyo, zimam'tsitsa munthu yemweyo n'kuyamba kukankha. Claris ilinso ndi mwayi wina: tcheni cha magiya 8 ndi chimodzimodzi cha magiya 6 ndi 7, chimene njinga zambiri zam'mapiri zimagwiritsa ntchito, motero sichisowa. Cha magiya 11 kapena 12 ndi chowonda, chokwera mtengo, ndipo mwina n'kuchita kuitanitsa ku Johannesburg.

Matayala ndi pamene ambiri amagwa m'mbuna. Gudumu la njinga yothamanga limatchedwa 700c, ndipo limu yake ndi mamilimita 622. Njinga zakuda zija zonyamulira katundu, za 28 x 1½, zili ndi limu ya 635. Zam'mapiri za 26 ndi 559, pamene zampikisano zakalekale zolembedwa 27 ndi 630. Kuziyang'ana zimafanana, koma tayala la ina sililowa pa inzake, ngakhale mutalimbana nalo tsiku lonse. Werengani m'mbali mwa tayala, pamene palembedwa manambala monga 28-622: yoyambayo ndi kunenepa kwa tayala, yachiwiri ndi limu. Musanapereke ndalama, yendani kaye kwa ogulitsa zipangizo mufunse ngati ali ndi matayala ndi machubu a 622. Onaninso valavu, chifukwa machubu amenewa amakhala ndi yowonda yotchedwa Presta, imene pampu ya wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango siigwira popanda kachitsulo kolumikizira. Kunenepa kwa tayala kusachepere 28, ndipo ngati felemu ikulola 32 ndi bwino koposa. Kale anthu ankakhulupirira kuti tayala la 23 lopopa gwa ndilo lothamanga. Lero akatswiri omwe akupalasa pa 28 ndi kuposerapo. Pamsewu wa maenje ndi m'mphepete modyeka, tayala lonenepa limateteza chubu kuti isapanidwe ndi limu.

Wina anganene kuti chotchipa chimadula, ndipo wogula Claris lero adzagulanso njinga ina mawa. Pali choona pang'ono. Pansi pa njinga zatchulidwazi pali zina zongovekedwa mahandulo opindika, zachitsulo cholemera, mabuleki ofooka ndi magiya osamva kukonza, ndipo zimenezo n'zotaya ndalama. Koma kuyambira pa Claris njinga imayenda zaka zambiri ikamasamalidwa, ndipo amene wapalasa chaka chimodzi amadziwa chimene akufuna pa yachiwiri kuposa mmene akanadziwira tsiku loyamba. Akaona kuti masewerawa si ake, wataya zochepa. Wina anganenenso kuti pa misewu yathu njinga yam'mapiri ndiyo yanzeru. Ngati ulendo wanu wambiri ndi wa pafumbi, akunena zoona, ndipo ngati cholinga n'kunyamula thumba la chimanga, njinga ya Buffalo inapangidwira zimenezo. Njinga yothamanga ndi ya munthu amene ali pafupi ndi tala ndipo akufuna kudya mtunda. Za mabuleki a disiki, amagwira bwino pamvula, koma a palimu ndi otsika mtengo ndipo makanika aliyense amawadziwa.

Kwa ambiri, njinga yabwino yofikirika ndi yakaunjika, bola kuiyendera ndi maso awiri. Yang'anani ming'alu molumikizira felemu, makamaka kuseri kwa foloko ndi pansi pozungulira mapedulo. Zunguzani magudumu muone ngati akuvina. Gwirani buleki yakutsogolo n'kugwedeza njinga: kukamveka gobedegobede, mabelingi a pakhosi amasuka kapena atha. Masulani chitsulo cha chishalo muone ngati chikuyenda, chifukwa chikamatirira m'felemu simudzatha kuchikweza. Mano a magiya akasongoka, tcheni ndi magiya akumbuyo zifunika zatsopano, ndipo mtengo wake uchotsedwe pa mtengo wa njinga. Funsani kalata ya malonda yokhala ndi nambala ya felemu, imene kawirikawiri imadindidwa kunsi kwake, kuopa kugula yobedwa. Ndipo ndalama zisathere pa njinga yokha: patsale za chipewa choteteza mutu, pampu yogwira Presta, machubu awiri, zigamba ndi nyale yofiira yakumbuyo, poti pa M1 mudzapalasa limodzi ndi maminibasi ndi mathiraki.