NTHENDA YOFOTETSA MATIMATI: DZINA LIMODZI, MAFUKO ANAI

Mwezi wa October ukafika, alimi a madimba ozungulira mzinda wa Lusaka ayamba kudandaula kuti matimati ali kufota ngakhale athiriridwa m'mawa ndi madzulo. Dandaulo lomweli limveka kuseri kwa nyumba za ku Kabwata ndi Chelstone, kumene amai alima timizere tiwiri kapena titatu ta ndiwo, ndiponso m'mapoloti akuru a ku Woodlands ndi Kabulonga, kumene madzi acokera m'zitsime za makina. Tsinde limene linali labwino dzulo, lero lazolika masamba ace onse, ali obiriwira ndithu, osacita cikasu. Usiku litsitsimuka pang'ono, koma pakapita masiku owerengeka lauma. Ambiri aganiza kuti madzi acepa, nathirira koonjeza, ndipo pakutero angothandiza nthendayo kufikira mbeu zinzace.

Cimene cicititsa zimenezi ndi tizirombo tating'ono kwambiri, tosaoneka ndi maso, tochedwa mabakiteriya. Tikhala m'nthaka yacinyezi, tilowa pa mabala a mizu, ndipo tikaswana titseka mitsempha imene madzi akwerera kucoka ku mizu kupita ku masamba. Mbeu ifa ndi ludzu iri m'madzi. Nthendayi igwiranso mbatata ya kacewere, fodya, mabiringanya, impwa, tsabola ndi mtedza, umene ena aucha nshawa. Zomera zonse zimene igwira zipitirira mitundu 200.

Kuizindikira sikulira ndalama. Mlimi adule tsinde lofota pafupi ndi nthaka, nabviike kodulako m'tambula ya galasi ya madzi oyera, osagwedeza. Ngati iri nthendayi, pakapita mphindi zocepa tiulusi toyera ngati mkaka titsika kucoka m'tsindemo. Kufota kumene kudza ndi nkhungu za m'nthaka sikuturutsa mkaka wotero. Pa kacewere, akadula mbatata aona mzere wofiirira wozungulira m'kati, ndipo m'maso mwa mbatatayo mucoka mafinya amene dothi limamatirapo.

Mafuko anai

Woyamba kufotokoza kacirombo aka anali Erwin F. Smith wa ku America, m'caka ca 1896. Dzina lace linasinthidwa kangapo, ndipo kuyambira 1995 kadziwika ndi dzina lakuti Ralstonia solanacearum. Kwa zaka zambiri akatswiri anali kukagawa molingana ndi mbeu imene kagwira, koma magawidwe amenewo sanali kulongosoka, pakuti tizirombo tiwiri tofotetsa matimati mofanana tinali kupezeka kuti m'zina tisiyana kutali. Anthu ataphunzira kuwerenga cibadwa ca zamoyo, cimene cichedwa DNA, nkhani inamveka. M'caka ca 2005 akatswiri awiri, Mark Fegan ndi Philippe Prior, anaonetsa kuti tizirombo timeneti tiri m'mafuko anai, ndi kuti pfuko liri lonse liri ndi kwao. Monga Aphiri ndi Abanda akhala mudzi umodzi, nalankhula cinenero cimodzi, koma makolo ao ndi osiyana, momwemonso tiziromboti.

Pfuko loyamba kwao ndi ku Asia, ndipo ndilo lisautsa kwambiri matimati, mabiringanya ndi tsabola m'maiko otentha. Laciwiri ndi la ku America. Lacitatu ndi la kuno ku Africa, ndipo linapezeka ku Zimbabwe, Angola, Cameroon ndi Madagascar. Lacinai ndi la ku Indonesia, kumene liononga nthoci ndi mitengo ina. M'caka ca 2014 akatswiri ena anaona kuti kusiyanaku ndi kwakukuru kotero kuti anagawa mafukowo m'mitundu itatu ya maina osiyana. M'kati mwa pfuko liri lonse muli mabanja ambiri, ndipo tizirombo timeneti tikhoza kubwerekana zidutswa za cibadwa cao, motero mabanja atsopano abadwabe.

Mafuko atatu oyambawo onse ali kale mu Africa. Banja limodzi la pfuko laciwiri liyenera kuchulidwa palokha. Kwao ndi ku mapiri a Andes ku South America, kumenenso kunacokera kacewere, ndipo linayenda dziko lonse lapansi litabisala m'mbeu ya mbatatayo. Anzace akonda kutentha, koma ilo lipirira kuzizira, cifukwa cace lakhazikika m'maiko a mapiri. Alimi a kacewere ku Dedza ndi Ntcheu m'Malawi aidziwa bwino nthenda imeneyi. Coopsa ndi cakuti kumalo kozizira mbatata ikhoza kukhala ndi tizirombo m'kati koma kunja iri yosalala. Ikabzalidwa kumalo kotentha, nthenda ibuka.

Cifukwa cace mlimi ayenera kudziwa izi

Wina angafunse kuti mafuko a kacirombo ali ndi nchito yanji kwa munthu wa khasu. Yankho liri pa mbeu zopirira. Mankhwala opopera monga Dithane, amene athandiza pa matenda a masamba, sacita kanthu pa nthendayi, pakuti tizirombo tiri m'kati mwa tsinde ndi m'nthaka. Cotero akatswiri anaika mtima pa kufuna mitundu ya mbeu yosagonja. Ku Java anapeza mtedza wochedwa Schwarz 21 m'zaka za m'ma 1920. Pa matimati pali mtundu wochuka wa Hawaii 7996, ndipo a World Vegetable Center a ku Taiwan aphunzitsa alimi kumezanitsa matimati pa tsinde la mabiringanya opirira. Koma kupirira kumeneku kuyang'ana pfuko. Hawaii 7996 alimba bwino pamaso pa mabanja ambiri a ku Asia, koma banja lija la kacewere limgonjetsa kawiri-kawiri.

Tsono mau olembedwa pa paketi ya mbeu akuti mtunduwo upirira kufota sali onama, koma sanena zonse. Mbeu imene inacita bwino ku Chongwe ikhoza kugwa ku Petauke ngati m'nthaka muli banja lina. Mlimi wanzeru ayese mtundu watsopano pa mizere yocepa poyamba, asanadzaze dimba lonse. Ndipo munthu amene dimba lace liri kale ndi nthendayi asanene kuti palibenso coopa: akabweretsa banja laciwiri pamwamba pa loyamba, mbeu imene inali kumpulumutsa ikhoza kuleka kumthandiza.

Dziko louma siliteteza

Lusaka alandira mvula ya mamilimita pafupi-fupi 800 pa caka, ndipo kuyambira May kufikira October sikugwa mvula yoti munthu nkuwerengera. Tizirombo timeneti sitikhalitsa m'nthaka youma gwa, ndipo dzuwa la cirimwe licepetsa ciwerengero cao m'minda ya kumtunda. Koma dimba siliuma. M'dimba tipeza cinyezi caka conse, tibisala m'mizu ya maudzu monga mnadzi, cisoso ndi mwamunaaligone, amene asunga nthenda osafota iwo eni, ndipo tiyenda ndi madzi a m'ngalande kucoka ku bedi lakumtunda kupita ku lakumunsi. Pa mtsinje monga Ngwerere, pamene madimba andandalikana, cimene mlimi mmodzi ataya m'madzi cifika kwa mnzace. Cirala ca nyengo ya 2023 ndi 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 February 2024, cinaonetsa kufunika kwa ulimi wothirira; koma madimba akacuruka, malo okhalamo nthendayi acurukanso.

Njira yace yaikuru ndi mseu. Mbatata yogulidwa pa msika wa Soweto ndi yodya; yacokera ku minda yambiri, yina ya kutali, ndipo palibe angadziwe ndi maso cimene ciri m'kati mwace. Wacibale wa m'tauni akatumiza thumba lace kumudzi, liphikidwe, lisabzalidwe, ndipo makoko ace asatayidwe m'dimba. Cimodzimodzi mbande za matimati zogulidwa m'mbali mwa mseu, zokhala ndi dothi la kumene zinamera. Mbeu yobvomerezedwa ndi Boma, imene iyang'aniridwa ndi a Seed Control and Certification Institute ku Chilanga, ndiyo yoyenera kufunidwa.

Pamene nthenda yaoneka, tsinde lizulidwe pamodzi ndi dothi la ku mizu, liikidwe m'thumba ndi kukatenthedwa kutali ndi madzi. Khasu ndi mpeni zitsukidwe ndi Jik kapena ziwambidwe pa moto zisanapite ku bedi lina. Popalira, mlimi asamale kuti asateme mizu, pakuti bala liri lonse ndi khomo. Tinyongolotsi totupitsa mizu tibowolanso makomo otero. Pamalopo pasabzalidwe matimati, kacewere, fodya, impwa kapena tsabola kwa zaka zitatu kapena kuposa. Pabzalidwe cimanga, mapira kapena anyezi, ndipo maudzu aja apaliridwe ndithu, pakuti kasinthasintha wa mbeu m'munda wodzala mnadzi ndi kutaya zaka cabe.

Pfuko la kacirombo silidziwika m'tambula ya madzi. Limeneli lioneka ndi zipangizo za akatswiri. Cifukwa cace mlimi auze mlangizi wa m'dera lace msanga, makamaka ngati mbeu yonenedwa kuti ipirira yafota. Alangizi ndiwo adziwa njira yofikitsira zomera zodwala kwa akatswiri a Zambia Agriculture Research Institute ku Mount Makulu, kapena ku Msekera kwa iwo a ku Chipata. Tsinde lotumizidwa likhale limene langoyamba kumene kufota, ndipo mlimi anene kumene anagula mbeu kapena mbande zace.