Phungu amene anasekedwa chifukwa cha chamba

M'chaka cha 2015, phungu wa dera la kumpoto kwa Ntchisi, a Boniface Kadzamira, anaimirira m'Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe n'kupempha kuti dziko lino liganizire zololeza ulimi wa chamba cha m'mafakitale. Aphungu anzawo ambiri anangofa nacho chiseko. Nkhaniyi itatuluka kunja inafika itapindika, anthu n'kumauzana kuti kuli phungu amene akufuna achinyamata azisuta chamba poyera.

Si zimene ankanena a Kadzamira. Chamba chimene ankakamba ndi mtundu wina, womwe mphamvu yake yoledzeretsa, ija akatswiri amati THC, ndi yochepa zedi. Luzi lake amapangira nsalu, zingwe ndi mapepala, ndipo njere zake amayengera mafuta. Chimene chinkawavutitsa maganizo ndi fodya. Kwa zaka zambiri mbewu imeneyi yakhala ikubweretsa ndalama zakunja zoposa theka la zimene Malawi amapeza pogulitsa katundu kunja, chonsecho maiko ambiri ali pa kalikiliki kuletsa anthu awo kusuta. Mlimi wa ku Ntchisi amene anaonapo mabelo ake akubwezedwa ku okushoni ya Kanengo safunika kuuzidwa kuopsa kodalira mbewu imodzi.

Panapita zaka zisanu. Pa malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze, kampani ya Invegrow inayesa kulima mbewuyi ndi chilolezo cha boma. Mu February 2020, Nyumba ya Malamulo inavomereza bilu yololeza ulimi wa chamba cha m'mafakitale ndi cha mankhwala, yomwe inabwera ndi nduna ya zaulimi ya nthawiyo, a Kondwani Nankhumwa. Tsiku limenelo a Kadzamira sanalinso phungu. Pambuyo pake anasankhidwa kukhala wapampando wa bodi ya bungwe loyang'anira ulimiwu la Cannabis Regulatory Authority.

Imeneyi ndiyo ntchito yeniyeni ya phungu: kuona vuto, kulisandutsa mfundo, n'kulimbikira mpaka likhale lamulo, ngakhale anzako akuseke. Koma lamuloli litadutsa, ndi angati kumudzi amene analimvetsa? Ambiri anangomva zoti chamba achimasula. Sanamve kuti kusuta ndi mlandu mpaka pano, kapena kuti wolima popanda chiphaso apolisi amunjata monga kale. Sanamvenso kuti mitengo ya ziphaso inalengezedwa m'madola a ku America, 10,000 kwa wolima cha mankhwala ndi 2,000 kwa wolima cha m'mafakitale, ndalama zoti mlimi wamba sangazikwanitse payekha pokhapokha atalowa m'kopaletivi. Zonsezi zinayenera kufotokozedwa pabwalo la mfumu, m'chinenero cha eni dera, ndi aphungu omwe anavomereza lamulolo.

Apa m'pamene pali mpata waukulu. Gawo 51 la malamulo oyendetsera dziko lino limati woimira dera azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira. Zokambirana za m'Nyumbayi zimachitika m'Chingerezi, mabilu amalembedwa m'Chingerezi, ndipo buku la Hansard, momwe mumasungidwa mawu onse a aphungu, nalonso ndi la Chingerezi. Mayi wogulitsa tomato pa msika wa Malomo amavutika kudziwa zimene woimira wake ananena, pokhapokha mwini wakeyo atabwera kudzamuuza.

Nanga akabwera, timamufunsa chiyani? Tinene zoona, mafunso athu ndi a bokosi la maliro, galimoto yonyamula odwala, fizi ya mwana, mjigo wowonongeka ndi yunifolomu ya timu ya mpira. Umphawi ndi umene umatifikitsa pamenepo, ndipo sindinganyoze munthu wopempha thandizo pa chisoni. Komabe zotsatira zake n'zowawa. Phungu amene amakhalira usiku kuwerenga bajeti kapena kufunsa mafunso ovuta m'komiti yoona za momwe ndalama za boma zayendera amaoneka ngati sanagwire ntchito, pomwe wogawa makobili pamaliro ndiye amatchedwa wachitukuko. Aphungu nawo anazolowera. Ena amaona kuti n'chapafupi kupereka envelopu kusiyana ndi kuima pamaso pa anthu n'kufotokoza chifukwa chimene anavomerera msonkho watsopano.

Lamulo nalo silikakamiza phungu kubwerera kwa omusankha. Gawo 64, lomwe linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wosawatumikira nthawi yake isanathe, aphungu eni ake analifufuta mu 1995. Chotsalira anthu ndi kudikira zaka zisanu, ndipo mkwiyo wawo umaonekera pa voti. Pa chisankho cha 2014, oposa theka mwa aphungu 193 a nthawiyo sanabwerere ku Lilongwe. M'gulu la ogwa mumakhalanso ena amene anagwira ntchito yotamandika ya malamulo, koma kwawo palibe anaimva.

Mu May 2025, bwalo lalikulu la milandu, litakhala ngati bwalo lomasulira malamulo oyendetsera dziko, linagamula kuti n'kosemphana ndi malamulowo kuti aphungu azilowerera pa kayendetsedwe ka thumba la chitukuko cha m'madera la CDF, pa mlandu womwe linakasuma bungwe la makhonsolo la MALGA. Aphungu ambiri sanakondwe nacho chigamulochi, poti CDF ndiyo inkawapatsa choloza pa kampeni: mlatho uwu, buloko ya sukulu iyo. Ine ndikuona kuti oweruza anangowakumbutsa chimene anasankhidwira, chomwe ndi kupanga malamulo, kulondoloza boma, ndi kuyankhulira anthu.

Kufotokozera anthu kumene ndikunena pano si kuwerenga mndandanda wa mabilu ayi. Anthu amafuna amve mtima wa mtsogoleri wawo. Phungu anene poyera kuti pa nkhani yakuti chipani chinafuna izi koma iye anaona mwina, kuti pempho lakuti analipereka kwa nduna koma linakanidwa, kuti pa lamulo lakuti poyamba ankakayika ndipo chinamusintha maganizo ndi chakuti. Anthu akumudzi si ana. Amatha kulandira nkhani yovuta, bola wowauzayo akhale woona mtima. Mawayilesi a m'madera alipo, magulu a WhatsApp alipo, makomiti a chitukuko a m'midzi nawonso amakumana kawirikawiri. Chosowa ndi chizolowezi basi.

Kuchokera pa chisankho cha 16 September 2025, madera a aphungu anakwera kufika pa 229, kutanthauza kuti ambiri a ife woimira wathu watiyandikira kuposa kale. Nyumba ya Malamulo ikatsekera, phungu wanu akafika m'dera, mufunseni mabilu amene anakambidwa, mbali imene iye anaima, ndi chifukwa chake. Ndipo inu olemekezeka, musadikire kuti akufunseni: itanitsani msonkhano, mukafotokoze.