Ku Chitungwiza Nyumba Imayamba ndi Chikalata

Mzinda wa Chitungwiza, umene uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 25 kumwera kwa Harare, unakhazikitsidwa m'chaka cha 1978 pophatikiza madera a Seke, Zengeza ndi St Mary's. Pa kalembera wa 2022 munapezeka anthu oposa 370,000, ndipo ochuluka mwa iwo amalawirira m'mamawa kukagwira ntchito ku Harare. Pamalo otere chipinda sichisowa wolowamo. Mabanja ambiri, kuphatikizapo zidzukulu za anthu amene anachoka ku Nyasaland kukafuna ntchito, amadya ndi kulipirira ana sukulu kuchokera pa lendi ya zipinda ziwiri kapena zitatu zakuseri.

Koma mbiri ya mzindawu ikuonetsa kuti ambiri amene anataya chuma chawo anali ndi njerwa ndi malata abwino. Chimene analibe ndi mapepala.

M'mwezi wa May 2005 boma la Zimbabwe linayamba ntchito yotchedwa Murambatsvina, yogumula nyumba ndi misika imene linati inamangidwa popanda chilolezo. Lipoti la nthumwi ya bungwe la United Nations, mayi Anna Tibaijuka, linati anthu pafupifupi 700,000 m'dziko lonselo anataya pokhala kapena popezera ndalama. Zambiri mwa zogwetsedwazo zinali timanyumba takuseri ta alendi. Choncho wofuna kuonjezera zipinda ayenera kuyamba wapititsa pulani ku khonsolo, ndipo ikadindidwa aisunge mosamala. Njirayi ndi yochedwa ndiponso yotopetsa, koma pulani yodindidwa ndiyo imamuyankhulira munthu tsiku limene akuluakulu abwera kudzayendera.

Nkhani yogula ndiyo yovuta kwambiri. Nyumba zambiri za ku Chitungwiza zilibe chikalata chaumwini cholembetsedwa ku ofesi ya Deeds Registry. Zimalembedwa m'mabuku a khonsolo, ndipo zikagulitsidwa dzina limasinthidwa komweko m'njira yotchedwa cession. Apa ndi pamene anthu amapusitsidwira. Kalata yogwirizana imene wogula ndi wogulitsa asainirana pakhonde siisintha dzina la m'fayilo, ndipo wogulitsa wosaona mtima angathe kugulitsa puloti yomweyo kwa anthu awiri kapena atatu. Wogula wanzeru amapita ku ofesi ya za nyumba ya khonsolo limodzi ndi wogulitsayo, kukaona ngati dzina la m'fayilo likufanana ndi la pa chiphaso chake, ndi kufunsa ngongole ya madzi ndi msonkho wa nyumba imene yatsala. Ndalama yomaliza iperekedwe dzina litasinthidwa, ndipo ndi bwino idutse m'manja mwa loya.

Mapuloti otsika mtengo modabwitsa ndi oyenera kuwakayikira. Gulu lofufuza limene boma linatuma m'chaka cha 2013 linapeza mapuloti oposa 14,000 ogawidwa mosatsata malamulo ku Chitungwiza ndi ku Seke, ena m'madambo, ena pa malo osungidwira sukulu, ena pansi pa mawaya a magetsi. Kumayambiriro kwa 2021 madzi osefukira analowa m'nyumba zambiri zomangidwa m'madambomo. Mlimi aliyense amadziwa kuti dambo limaoneka louma mu September. Wogula puloti nayenso akaione mvula ili mkati, ndipo afunse anthu okhala pafupi kumene madzi amadutsa.

Ndime 74 ya malamulo aakulu a dzikolo, amene anakhazikitsidwa mu 2013, imaletsa kuthamangitsa munthu panyumba kapena kumugwetsera nyumba popanda chigamulo cha khothi. Ndimeyi imateteza mwininyumba kwa ogumula, koma imamumanganso iyeyo. Kuzula chitseko kapena kutulutsira panja katundu wa mlendi amene walephera kulipira ndi kudziputira mlandu. Njira yake ndi kupereka chidziwitso cholemba, ndipo zikakanika, kukasuma.

Pofuna kuti zisafike poteropo, mgwirizano wa lendi ulembedwe, ngakhale pa tsamba limodzi la kope. Utchule tsiku lolipira, kagawidwe ka bilu ya madzi ndi mayunitsi a magetsi, komanso mtundu wa ndalama. Mfundo yomalizayi si yachibwana m'dziko limene linasiya ndalama yake mu 2009, n'kuibwezeretsa mu 2019, kenaka n'kubweretsa ina yotchedwa ZiG mu April 2024. Buku la malisiti limathetsa mikangano yambiri isanakule.

Palinso za madzi. Chitungwiza imadalira madzi ochokera ku Harare, ndipo mipopi imatha masiku ambiri ili youma. Mliri wa kolera umene unapha anthu oposa 4,000 m'Zimbabwe unayambira mumzinda womwewu mu August 2008. Mwininyumba amene wadzaza mabanja asanu pa chimbudzi chimodzi, pafupi ndi chitsime chosazama, akusewera ndi miyoyo, ya ana ake omwe. Zimbudzi ndi posungira madzi ziwerengedwe zipinda zisanaonjezedwe.

Ogwira ntchito zachitukuko angathandize kwambiri pa nkhani ina imene mabanja amachita nayo manyazi. Ku St Mary's ndi ku Zengeza kuli nyumba zakale zimene zikadali m'dzina la agogo amene anatisiya kalekale. Ana amatolera lendi mwezi ndi mwezi, koma palibe amene ali ndi mphamvu yogulitsa kapena kusintha dzina, ndipo akayambana m'banja, wochenjera ndiye amathamangira ku ofesi. Chuma cha masiye chimayenera kulembetsedwa kwa Master of the High Court kapena ku khothi la majisitireti, kumene amasankha woyendetsa chumacho. Popita kumeneko banja litenge chikalata cha imfa, ziphaso za ana, chikalata chaukwati ngati chilipo, ndi pepala lililonse la khonsolo lokhala ndi nambala ya nyumbayo.