Chitofu cha gasi chikamangolira "the, the" osayaka: momwe mungakonzere choyatsira

Pakati pa mabanja a m'maboma a Tsangano ndi Macanga amene anayamba kuphikira gasi, dandaulo limodzi limabwerabwera: chitofu chimene chinkayaka munthu akangopotoza kamodzi, chimayamba kuvuta. Umapotoza kasanu, kakhumi, chikungolira koma moto osatuluka. Ena amachiika pansi pa bedi n'kubwerera ku nkhuni, pomwe botija ili ndi gasi wambiri amene anagula ndi ndalama ya mbatata kapena ya fodya. Ena amapitiriza kupotoza nkhope ili pafupi, mpaka gasi amene wadzadzana pansi pa poto n'kuyaka nthawi imodzi, kuwaula nsidze ndi manja. Nthawi zambiri chimene chawonongeka si chitofu chonse ayi, koma kachipangizo kakang'ono koyatsira moto, kamene kangathe kutsukidwa kapena kusinthidwa.

Momwe choyatsira chimagwirira ntchito

Pambali pa mutu wa chitofu, pomwe pamatulukira moto, pali kawaya kachitsulo kovekedwa chikopa choyera chadothi. Kawayako kakalandira mphamvu ya magetsi, kamatulutsa kamphezi kakang'ono kodumphira pa chitsulo cha mutuwo, ndipo kampheziko ndi kamene kamayatsa gasi.

Mphamvuyo imachokera m'njira zitatu, malinga ndi mtundu wa chitofu. Zitofu zambiri za patebulo, za mitu iwiri, zili ndi choyatsira chotchedwa piezo. M'kati mwake muli kamwala kapadera ndi kahamala kokankhidwa ndi sipuling'i. Mukapotoza chotsegulira, kahamalako kamamenya kamwala, kamwalako n'kutulutsa magetsi okwana mavoti masauzande angapo m'kanthawi kochepa kwambiri. Kulira kuja kwa "the" ndi kahamala kameneka. Khalidwe la miyala yotereyi analitulukira ndi abale awiri a ku France, Jacques ndi Pierre Curie, mu 1880. Mtundu wachiwiri umagwiritsa ntchito batire la mavoti 1.5, ndipo umalira mobwerezabwereza bola dzanja likadali pa batani. Wachitatu ndi wa zitofu zazikulu za uvuni zimene zimalumikizidwa ku magetsi a EDM.

M'mizinda ya m'mayiko ngati America muli makina oumitsira zovala oyendera gasi. Choyatsira chake n'chosiyana: ndi kachipangizo kamene kamatentha mpaka kufiira, gasi n'kuyakira pamenepo. Koma nzeru ya amisiri ndi imodzi kulikonse: usanagule chatsopano, yamba wadziwa ngati vuto lili pa gasi kapena pa choyatsira.

Yambani mwayesa ndi machesi

Tsegulani zitseko ndi mawindo. Chotsani poto. Yatsani mtengo wa machesi, muuyandikize ku mutu wa chitofu, kenako mutsegule gasi pang'ono. Dongosolo lake ndi lomweli: moto uyambe, gasi abwere pambuyo.

Chitofu chikayaka bwino ndi moto wabuluu, ndiye kuti botija, redutor ndi paipi zili bwino, vuto lili pa choyatsira. Chikakana kuyaka ngakhale ndi machesi, musataye ndalama kugula choyatsira. Mwina gasi watha, mwina redutor sinakhale bwino pa botija, paipi yapindika, kapena kabowo kotulukira gasi katsekeka.

Anthu a ku mapiri a Tsangano akumbukirenso za chisanu cha mu Juni ndi Julayi. Gasi wophikira ndi wa mitundu iwiri yosakaniza, propane ndi butane. Butane amasiya kusanduka mpweya kukazizira kufika pa madigiri 0, ndipo amafooka ngakhale kusanafike pamenepo. Choncho botija yotsala pang'ono kutha ingathe kupereka moto wofooka m'mamawa, masana n'kuyaka bwino. Musaiwothetse pamoto kuti ifunde. Imeneyo ndi njira yoitanira ngozi.

Onani kamphezi mumdima

Tsekani gasi pa redutor moto ukuyaka, kuti wotsala m'paipi apse athe. Moto ukazima, bwezerani chotsegulira pamalo pake. Chitofu chikazizira, pamalo pamdima, potozani kapena dinani batani mukuyang'ana kawaya kaja. Mudzaona chimodzi mwa zinthu zinayi.

Choyamba, kamphezi kakuoneka kowala pamalo pake, koma gasi sanali kuyaka. Apa choyatsira n'chabwino. Timabowo ta mutu tomwe tayang'anizana ndi kawaya tatsekeka ndi phala, mkaka kapena msuzi wa nyemba wosefukira, kapena chivundikiro cha mutu chinabwezedwa mopendekeka mutatsuka.

Chachiwiri, kulira kukumveka koma kamphezi kulibe kapena n'kofooka. Kawirikawiri kawaya kakutidwa ndi mafuta ndi mwaye, kapena kanyowa. M'nyengo ya mvula ndi ya nkhungu chinyezi chimaba magetsiwo asanafike kunsonga.

Chachitatu, kamphezi kakudumphira malo ena, pansi pa chitofu kapena m'mbali mwa chikopa choyera. Ndiye kuti chikopacho chang'aluka, kapena waya wake wapsa, wasupuka, mwinanso makoswe anamutafuna.

Chachinayi, palibe kulira konse. Pa piezo, sipuling'i kapena kahamala kathyoka. Pa mtundu wa batire, yambani mwasintha batire ndi kupala dzimbiri pa tizitsulo tomwe limakhudza, chifukwa batire lokhalitsa limadontha n'kuwononga malo ake.

Kutsuka kumathetsa mavuto ambiri

Chotsani mutu ndi chivundikiro chake, muzitsuke ndi madzi otentha a sopo ndi mswachi wakale, kenako muziyanike padzuwa mpaka ziumiretu. Timabowo ta m'mbali mwa mutu mungatitsegule ndi kawaya kopyapyala. Koma kabowo kakang'ono ka mkuwa, kamene kamalavula gasi kulowa m'mutu, musakakuze ndi singano kapena msomali. Kukula kwake anachita kuyeza ku fakitale, ndipo kakakula moto umasanduka wachikasu, umadetsa mapoto ndi kumaliza gasi msanga.

Kawaya koyatsira kapukuteni ndi kansalu kouma, nsonga yake muipale pang'ono ndi sandipepala. Mpata wa pakati pa nsongayo ndi chitsulo cha mutu uyenera kukhala pafupifupi mamilimita 3 kapena 4, ngati mitengo iwiri ya machesi yogundana. Ukakula kwambiri kamphezi sikatha kudumpha, ukachepa kwambiri kamakhala kofooka. Ngati pakufunika kupinda, gwirani chitsulo chokha ndi pulayala, osati chikopa choyera, chifukwa chimasweka ngati kapu yadothi.

Kusintha choyatsira

Ngati chikopa chang'aluka, waya wapsa kapena kahamala kafa, chotsala n'kusintha.

Tsekani redutor, muichotse pa botija, botijayo muiike kutali itaimirira. Ngati chitofu n'cholumikiza ku magetsi, zulani pulagi. Ngati n'cha batire, chotsani batire. Gwirirani ntchitoyi panja kapena pakhonde, masana, popanda wosuta fodya pafupi.

Tembenuzani chitofu, mujambule chithunzi ndi foni musanamasule chilichonse, kuti mudzadziwe waya uliwonse unali pati. Kawaya kachikopa choyera kamagwidwa ndi kasikuluwu kamodzi kapena kachitsulo kopanira. Batani la piezo loima palokha limagwidwa ndi nati kumbuyo kwake. Pa mtundu wa batire pali kabokosi komwe mawaya onse amachokera. Posolola waya gwirani kumutu kwake, musakoke chingwe.

Chakalecho pitani nacho pokagula. Zoyatsira zimasiyana kutalika kwa waya, kukula kwa nati ndi chiwerengero cha mitu imene kabokosi kamayatsa. Wa ku Furancungo kapena Chidzolomondo amene angatume munthu wongomuuza pakamwa kuti "mukandigulire choyatsira", akhoza kulipira kawiri. Tumizani chakalecho, kapena chithunzi chake pamodzi ndi dzina la chitofu. M'masitolo a ku Ulónguè ndi mumzinda wa Tete, mawu othandiza ndi awa: acendedor kapena piezo potanthauza choyatsira, vela potanthauza kawaya kachikopa choyera, ndi queimador potanthauza mutu. Amene ali kufupi ndi Biriwiri ndipo amagula katundu ku Ntcheu kapena ku Dedza, kumeneko chimadziwika ndi dzina la igniter. Choyatsira sichisankha dziko, bola muyeso ufanane. Koma redutor ndi nkhani ina: milomo ya mabotija siifanana yonse, ndipo redutor yosagwirizana ndi botija yanu musaikakamize kapena kuimanga ndi mphira.

Poika chatsopano tsatirani chithunzi chija. Musamange sikuluwu mopitirira, kuopa kuswa chikopa. Waya adutse kutali ndi malo otentha, asapanidwe ndi chitsulo chakuthwa. Konzani mpata uja wa mamilimita 3 kapena 4, muyese kaye popanda gasi mpaka muone kamphezi kowala pamalo pake.

Pamene muyenera kusiyira mmisiri

Pa zitofu zambiri za patebulo, piezo anaimangira pamodzi ndi valavu yotsegulira gasi. Ngati singachoke payokha, ndiye kuti pafunika kusintha valavu yonse, ndipo pamenepo mukukhudza njira ya gasi. Ntchito imeneyo ndi ya munthu amene anaiphunzira ndipo ali ndi zotsekera mipata zoyenera. Chimodzimodzi uvuni kapena firiji ya gasi imene imayaka koma n'kuzima mukangochotsa dzanja pa batani. Pamenepo cholakwa si choyatsira, koma kachitsulo kachitetezo kamene kamamva kutentha ndi kutseka gasi moto ukazima. Musalole aliyense kukachotsa kapena kupanikiza batanilo ndi kamtengo.

Mukabweza zonse, yesani ndi thovu

Lumikizani paipi ndi redutor. Sungunulani sopo m'madzi mpaka achite thovu, mupake pa mlomo wa botija, pa redutor ndi kumapeto onse awiri a paipi. Tsegulani redutor, zotsegulira za chitofu zili zotseka. Pakatuluka timabaluni tokula, gasi akutuluka: tsekani, mukonze, muyesenso. Musafufuze potuluka gasi ndi machesi kapena kandulo. Onaninso paipi. Ngati yauma, yang'aluka kapena yadutsa chaka cholembedwa pa iyo, isintheni ndi paipi yopangidwira gasi, osati yothirira m'dimba.

Gasi ameneyu ndi wolemera kuposa mpweya, choncho sakwera kudenga ngati utsi koma amadikha pansi. Akangokwana magawo pafupifupi 2 pa magawo 100 alionse a mpweya wa m'chipinda, angathe kuyaka. Fungo lake loipa lija amachita kuthiramo dala kuti mphuno izikuchenjezani. Mukalimva, tsekani redutor, tsegulani zitseko, musayatse kapena kuzimitsa getsi, ndipo ana atuluke. Nthawi iliyonse chitofu chikakana kuyaka mutayesa kawiri kapena katatu, tsekani, mudikire mphindi zingapo fungo lithe musanayesenso.

Wina akapsa, thirani madzi ozizira oyera pamalopo kwa mphindi 20, mufunditse kansalu koyera, mupite naye kuchipatala. Musapake mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta kapena mchere.

Ngati choyatsira choyenera sichikupezeka msanga, chitofu chanu sichinafe. Machesi kapena laita ya mlomo wautali zimagwira ntchito yomweyo, bola aliyense wophika pakhomopo, ndi ana omwe, adziwe dongosolo lake: moto uyambe, gasi abwere pambuyo.