Eisenach: Tauni ya Bach ndi Linga la Oimba

Pakati pa dziko la Germany, m'chigawo cha Thuringia, pali tauni yotchedwa Eisenach, ya anthu oposa pang'ono 40,000. Ndi yaing'ono moti kuchokera pa siteshoni ya sitima kukafika pa bwalo la msika munthu amayenda pansi osatuluka thukuta. Koma m'kadera kochepa kameneka muli tchalitchi chimene wopeka nyimbo Johann Sebastian Bach anabatizidwiramo, muli nyumba imene amati Martin Luther ankagonamo ali mwana wa sukulu, ndipo pamwamba pa phiri loyang'ana tauniyi pali linga la Wartburg. Kuchepa kwa tauniyi ndiko kumathandiza mlendo. Amaona ndi maso ake kuti nyimbo zimene lero zimaimbidwa m'maholo akuluakulu a dziko lonse zinaphukira pa ntchito ya tsiku ndi tsiku ya anthu oyandikana nyumba, pakati pa tchalitchi, sukulu ndi ofesi ya akuluakulu a tauni.

Poyambira pabwino ndi tchalitchi cha Georgenkirche, chimene chaima pa bwalo la msika. Anayamba kuchimanga cha m'ma 1180, ndipo chakhala chikusinthidwa kambirimbiri. Nsanja yake yaitali inangowonjezedwa cha m'ma 1900. Kunja kwake si kochititsa kaso kwenikweni. Chofunika chili mkati, kutsogolo: beseni lamwala lobatiziramo la mu 1503. Pa 23 Malichi 1685, khanda la masiku awiri linabatizidwa pamwala umenewu n'kupatsidwa dzina lakuti Johann Sebastian. Pa zinthu zonse za mu Eisenach zimene amazitchula ndi dzina la Bach, mwala uwu ndi umene palibe amaukayika, ndipo mpaka lero ana a mumpingomo amabatizidwira pomwepo.

Mukaimirira pakati pa tchalitchichi, kwezani maso. M'mbali mwake muli makonde amatabwa osanjikizana, lina pamwamba pa linzake, okhalamo anthu. Makonde otere anafala m'matchalitchi a Chilutera chifukwa ulaliki unasanduka mtima wa mapemphero, ndipo aliyense ankayenera kukhala poti amve mlaliki. Koma anasinthanso kamvekedwe ka nyimbo. M'tchalitchi cha miyala yokhayokha mawu amachedwa kutha, amagunda khoma n'kubwerera, ndiye oimba akafulumira mawuwo amasakanikirana osamveka mutu wake. Matabwa ndi matupi a anthu odzaza m'makondemo amameza mbali ya mawu obwererawo. Choncho m'nyumba yotere n'zotheka kuimba nyimbo yothamanga, ya mawu anayi kapena asanu olukanalukana, ndipo khutu limatha kutsata lililonse palokha. Nyimbo za Bach ndi zotero. Amene anazolowera kuzimva pa wailesi yokha amazimvetsa mwatsopano akakhala pa benchi m'nyumba ngati iyi.

Kumbuyo, pamwamba pa khomo, pali limba lalikulu la mapaipi. Limba limene Bach ankamva ali mwana linachotsedwa kale, ndipo zamkati mwa limene lilipo lero zinaikidwa mu 1982. Koma mpando wa woimba limba uli ndi mbiri yakeyake: kuyambira mu 1665, kwa zaka zoposa 130, amene ankakhalapo anali a banja la Bach. Woyamba anali Johann Christoph Bach, msuweni wa bambo ake a Sebastian, katswiri amene mwanayo ankamumva Lamulungu lililonse.

Bambo akewo, Johann Ambrosius Bach, anafika mu Eisenach mu 1671 kudzakhala mkulu wa oimba a tauni. Imeneyi inali ntchito yolembedwa, ya malipiro, monga ya mlonda kapena kalaliki. Kawiri pa tsiku iye ndi anyamata ake ankakwera pa nyumba ya khonsolo n'kuliza malipenga kuti tauni yonse imve. Ankaimbanso m'tchalitchi, pa maukwati ndi pa zochitika za boma. Ophunzira ntchitoyi ankagona m'nyumba ya mphunzitsi wawo, kotero Sebastian, mzime mwa ana asanu ndi atatu, anakulira m'nyumba imene vayolini ndi lipenga zinali zipangizo za ntchito yodyetsa banja. Ubwana umenewu unatha msanga. Mayi ake anamwalira mu 1694, bambo ake mu Febuluwale 1695, ndipo mwana wamasiyeyo, asanakwanitse zaka 10, anatengedwa ndi mkulu wake wa ku Ohrdruf. Sanadzakhalenso mu Eisenach.

Kuchokera pa msika, mphindi zochepa zokha, pali Lutherhaus, imodzi mwa nyumba zakale kwambiri za mtundu wake mu Thuringia. Mitanda yake yamatabwa imaonekera kunja, ndipo mipata ya pakati pake anaitseka ndi timitengo n'kumata dothi, monga timachitira ndi nyumba ya mitengo kumudzi, kungoti iyi ndi yosanja. Luther anaphunzira mu Eisenach kuyambira 1498 mpaka 1501, ndipo mbiri imati banja la Cotta linamusunga m'nyumbayi. Ana a sukulu a nthawi imeneyo ankayenda khomo ndi khomo akuimba kuti apatsidwe chakudya, ndipo Luther anali mmodzi wa iwo. Patapita zaka pafupifupi 200, Bach analowa sukulu ya Chilatini yomweyo. Awiriwa sanaonanepo, pakuti Luther anamwalira mu 1546, koma nyimbo zimene Luther anayamba kulemba cha m'ma 1523, zoti mpingo wonse uziimba m'chinenero chake, ndi zimene Bach anaphunzira ali mwana n'kudzamangapo nyimbo zake zambiri za m'tchalitchi. Ife amene timaona ngati chinthu wamba kuti Lamulungu mpingo wonse uimirire n'kuimba m'Chichewa, tili ndi mangawa kwa anthu onga ameneyu, amene anaumirira kuti kuimba si kwa ansembe ndi kwaya okha.

Malo amene alendo ambiri amathamangirako ndi Bachhaus, pa bwalo lotchedwa Frauenplan, pomwe paima chipilala cha Bach chimene Adolf von Donndorf anapanga mu 1884. Bungwe la Neue Bachgesellschaft linagula nyumbayi n'kuitsegula mu 1907 pokhulupirira kuti Bach anabadwira mmenemo. Pambuyo pake ofufuza atasanthula mabuku akale a misonkho anapeza kuti sizinali choncho. Oyang'anira nyumbayi sabisa zimenezi, ndipo n'chifukwa chake munthu amawakhulupirira pa zina zonse. Nyumbayo ndi ya zaka za m'ma 1400, ya zipinda zazifupi ndi masitepe opapatiza, yokonzedwa mmene banja la woimba wa tauni likanakhalira. Mabomba a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anaiwononga, koma inakonzedwanso nkhondo itangotha. Mu 2007 anamanga pambali pake nyumba yamakono, ya makoma osalala opanda zokongoletsa. Ena amati yatsopanoyo ikuphimba yakaleyo. Ine ndikuona kuti omanga anachita bwino posayerekeza kumanga chinthu chatsopano chooneka ngati chakale, m'tauni momwe n'kovuta kale kusiyanitsa zenizeni ndi zongokumbukira.

Chimene simuyenera kuphonya mu Bachhaus ndi ichi: ola lililonse wogwira ntchito pamenepo amasonkhanitsa alendo m'chipinda cha zoimbira n'kuwaimbira pa zipangizo zakale. Pali harpsichord, imene ukadina batani kanthenga kamakoka nsambo, ndiye mawu ake ndi akuthwa, ofanana mphamvu ngakhale udine mwaukali. Pali timalimba ta mapaipi ta m'nyumba. Ndiye pali clavichord, kabokosi kamene kachitsulo kamangokhudza nsambo n'kukhala pomwepo. Mawu ake ndi otsika kwambiri moti munthu akatsokomola amawaphimba. M'tchalitchi sikangamveke n'komwe. Kanapangidwira chipinda chogona kapena chophunzirira, woimba ndi omvera awiri kapena atatu. Apa mpamene mlendo amazindikira kuti chipangizo chilichonse chinali ndi nyumba yake, ndipo wopeka nyimbo ankadziwiratu kukula kwa chipinda chimene nyimboyo idzamvekemo.

Ku Wartburg ndi kokwera. Njira imadutsa m'nkhalango, ndipo wapansi amatenga theka la ola kapena kuposerapo. M'tsinde mwa phirilo muli nyumba imene ankakhalamo mlembi Fritz Reuter, momwe tsopano amasungiramo mabuku ndi zinthu zambiri zokhudza wopeka nyimbo Richard Wagner. Mbiri ya pakamwa imati lingali linakhazikitsidwa mu 1067, ndipo bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1999. Kuno n'kumene Luther anabisala kuyambira Meyi 1521 mpaka Malichi 1522, atasunga ndevu n'kumadzitcha Junker Jörg, chifukwa mfumu yaikulu inali italamula kuti agwidwe. M'kachipinda ka makoma amatabwa anamasulira Chipangano Chatsopano kuchokera m'Chigiriki kupita m'Chijeremani m'masabata pafupifupi 11, ndipo chinasindikizidwa mu Seputembala 1522.

Nyumba yaikulu ya m'lingali, yotchedwa Palas, inamangidwa chapakati pa zaka za m'ma 1100. Ili ndi makoma ochindikala ndi mizere ya mawindo ozungulira pamwamba, ochirikizidwa ndi tizipilala tosemedwa mbalame ndi masamba. Nyumba zokhalamo mafumu za nthawi imeneyo zimene zatsala bwino chonchi n'zochepa kumpoto kwa mapiri a Alps. M'menemu munakulira Elisabeth, mwana wa mfumu ya Hungary, amene anabweretsedwa mu 1211 ali ndi zaka 4, nadzadziwika ndi kudyetsa osauka. Anamwalira mu 1231 ali ndi zaka 24, ndipo Akatolika amamulemekeza ngati woyera.

M'nyumba yomweyi muli chipinda cha oimba. Nthano imati cha m'ma 1206, m'masiku a wolamulira Hermann I, alakatuli oimba anapikisana muno, ndipo wogonja ankayenera kuphedwa. Mpikisanowo ndi nthano chabe, koma ena mwa otchulidwamo, monga Walther von der Vogelweide ndi Wolfram von Eschenbach, anali anthu enieni amene Hermann ankawalandira pakhomo pake. Wagner anatenga nthanoyi n'kupekapo sewero loimba la Tannhäuser, limene linaonetsedwa koyamba ku Dresden mu 1845. Chithunzi chachikulu cha mpikisanowo chimene chili pakhoma anachijambula Moritz von Schwind cha m'ma 1855. Mlendo adziwe zimenezi: makoma ndi akale, koma utoto, golide ndi zithunzi zambiri ndi za zaka za m'ma 1800, pamene Carl Alexander, wolamulira wa ku Weimar, anatuma mmisiri Hugo von Ritgen kuti adzutse linga limene linali litayamba kugumuka.

Ntchito yaikulu ya Ritgen ili pamwamba penipeni: holo ya zikondwerero, yotalika pafupifupi mamita 40, ya denga lamatabwa lopendekeka mbali zonse ziwiri, limene limabweza mawu kwa omvera mofewa. Mu 1867, pokumbukira zaka 800 za lingali, Franz Liszt anatsogolera muno nyimbo yake yaitali yonena za moyo wa Elisabeth. Mfumu Ludwig II ya ku Bavaria inaikonda holoyi moti inamangitsa yofanana nayo m'nyumba yake ya Neuschwanstein. Nyengo yofunda kumachitika makonsati muno, ndipo nthawi zina amaimba Tannhäuser yemweyo. Mipando ndi yowerengeka, choncho wofuna kudzamva holoyi ikugwira ntchito imene anaimangira agule tikiti kudakali miyezi.