MAU A KAZITAPE WAMKULU NDI MAFUPA A KU BERLIN

M'chaka cha 1971 ku West Germany kudatuluka buku lotchedwa Der Dienst, limene mbiri yake idawanda msanga chifukwa cha dzina la mwini wake. Mlembiyo adali Reinhard Gehlen. Pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, kuyambira mu 1942 kufikira mu Epulo 1945, iyeyu ndiye ankatsogolera nthambi ya asilikali a Hitler yofufuza mphamvu ndi zolinga za ankhondo a ku Russia. Nkhondo itatha adadzipereka kwa asilikali a ku America pamodzi ndi zikalata zimene adakwirira m'mapiri a Alps, ndipo iwo adampatsa chuma choti akhazikitsire gulu la akazitape ku Pullach, pafupi ndi mzinda wa Munich. Gulu lomwelo ndilo lidasanduka bungwe la ukazitape la boma la West Germany mu 1956, ndipo Gehlen adalilamulira mpaka 1968. Munthu wa mbiri yotere akatsekula pakamwa, ndani akadalimba mtima kumtsutsa?

M'bukumo mudali nkhani imodzi imene idaphimba zina zonse. Gehlen adalemba kuti Martin Bormann, mlembi wa Hitler ndiponso woyendetsa ofesi yaikulu ya chipani cha Nazi, adali kazitape wa boma la Russia. Adati Bormann ndiye ankaulula zinsinsi za nkhondo ku Moscow, ndi kuti nkhondo itatha adathawira komweko nakhala mobisika. Pofuna kulimbitsa mau akewo adatchula mboni. Yoyamba idali Wilhelm Canaris, mkulu wa gulu lina la akazitape a Hitler lotchedwa Abwehr, amene adati naye ankamkayikira Bormann. Ena adali anthu awiri odalirika amene adamuuza, nkhondo itatha kale, kuti Bormann ali moyo ku Russia.

Nkhaniyi idagwera pa nthaka yonyowa kale, pakuti Bormann adasowa ngati kuzimirira kwa utsi. Hitler adadzipha pa 30 Epulo 1945 m'chipinda chake cha pansi pa nthaka ku Berlin, ndipo usiku wa pa 1 Meyi Bormann adatuluka m'menemo ndi anzake kuyesa kudutsa pakati pa asilikali a ku Russia amene adazinga mzindawo. Artur Axmann, mtsogoleri wa achinyamata a Nazi, adanena pambuyo pake kuti adaona mitembo iwiri itagona pafupi ndi siteshoni ya sitima ya Lehrter, ndipo poti kudali mwezi adaizindikira kuti ndi ya Bormann ndi ya Ludwig Stumpfegger, dokotala wa Hitler. Komatu mtembo sudaoneke kwa wina aliyense waudindo. Motero bwalo la milandu la ku Nuremberg lidazenga mlandu wa Bormann mwini wake palibe, nilimgamula kuti aphedwe mu Okutobala 1946. Kuyambira pamenepo mphekesera zidachuluka: ena adamuona ku Argentina, ena ku Paraguay, ena ku Italy. Mu 1964 boma la West Germany lidalonjeza mphotho ya ndalama za kumeneko zokwana 100,000 kwa munthu wothandiza kuti agwidwe.

Tsono wophunzira mbiri akakumana ndi nkhani yotere, ntchito yake yoyamba ndi kuyang'ana mboni zija imodziimodzi. Canaris sakadafunsidwa kanthu, chifukwa a Nazi adamnyonga ku ndende ya Flossenbürg pa 9 Epulo 1945, zaka 26 buku la Gehlen lisanatuluke. Kuika mau m'kamwa mwa munthu wakufa n'kosavuta ndithu, poti wakufa sakana. Anthu awiri odalirika aja Gehlen sadawatchule maina, ndipo sadaonetse chikalata ngakhale chimodzi. Mboni zitatu zonsezo zikasendedwa bwinobwino, yotsala ndi imodzi yokha, ndiye Gehlen mwini wake. Akazitape ali ndi mwayi umene alembi ena alibe: akafunsidwa umboni amayankha kuti umboniwo ndi chinsinsi cha boma, ndipo anthu ambiri amangogwedeza mutu ngati kuti yankho limenelo latha nkhani.

Ntchito yachiwiri ndi kugawa nkhaniyo pawiri, pakuti Gehlen adanena zinthu ziwiri zosiyana. China n'chakuti Bormann adapulumuka nakakhala ku Russia. China n'chakuti pa nthawi ya nkhondo adali kazitape.

Choyambacho chidagwetsedwa ndi anthu wamba. Mu 1963 bambo wina wopuma pa ntchito ya ku positi ofesi, Albert Krumnow, adauza apolisi kuti mu Meyi 1945 asilikali a ku Russia adamlamula iye ndi anzake kukwirira mitembo iwiri pafupi ndi siteshoni ija. Mu Julayi 1965 boma lidakumba pamalo pamene iye adaloza, koma silidapeze kanthu, ndipo nkhani ya mkuluyo idaoneka ngati yachabe. Akulu adati mlandu suola. Pa 7 Disembala 1972, chaka chimodzi buku la Gehlen litatuluka, amisiri ena amene ankakumba pa ntchito yawo adavumbula mafupa a anthu awiri, mamita 12 okha kuchokera pamene padakumbidwa kale. Krumnow adaphonya pang'ono, monga amaphonyera munthu aliyense wokumbukira malo patapita zaka zambiri m'mzinda umene udaphwasuka ndi kumangidwanso, koma sadaname.

Apa ndipo padayamba ntchito yoleza mtima. Dokotala wa mano wa Bormann, Hugo Blaschke, ali m'manja mwa asilikali a ku America mu 1945 adalongosola kuchokera m'mutu m'mene mano a Bormann adaliri, ndipo zolembazo zidagwirizana ndi chibade chimodzi. Fupa la paphewa lidaonetsa kuti lidathyokapo kale, monga adanenera ana a Bormann kuti bambo wawo adagwa pa kavalo mu 1939. Mafupa enawo adali a munthu wamtali kwambiri, ndipo Stumpfegger adalidi wamtali chomwecho. M'nsagwada za onse awiri mudapezeka tizidutswa ta galasi, chizindikiro chakuti adaluma timabotolo ta poizoni timene akuluakulu a Nazi ankayenda nato. Palibe umboni umodzi mwa umenewu umene ukadakwanira pawokha, koma wonse udaloza kumodzi, ndipo udachokera kwa anthu amene sadapangane: wa ku positi, dokotala wa mano, ana a womwalirayo ndi Axmann uja. Mu 1973 akuluakulu a zamalamulo ku West Germany adalengeza kuti Bormann adafa pa 2 Meyi 1945.

Chomvetsa chisoni n'chakuti masabata ochepa mafupawo asanapezeke, nyuzipepala ya ku London ya Daily Express idasindikiza nkhani za Ladislas Farago zonena kuti Bormann ali moyo ku South America, ndi chithunzi chomwe. Munthu wa pachithunzicho adapezeka kuti adali mphunzitsi wina wa ku Argentina wosalakwa kanthu.

Chachiwiri chija, cha ukazitape, mafupa sangachiyankhe, pakuti munthu angathe kufera ku Berlin ali kazitape ndithu. Apa wofufuza ayenera kufunsa funso lina: kodi zinsinsi za Germany zinkafika bwanji ku Moscow? Njira zake zikudziwika, ndipo sizifuna Bormann. Ku Berlin komweko kudali gulu la Harro Schulze-Boysen ndi Arvid Harnack, amene adagwidwa naphedwa mu Disembala 1942. Ku Lucerne, m'dziko la Switzerland, kudali Rudolf Roessler, amene uthenga wake unkafika ku Moscow pa wailesi. Chachikulu koposa, akatswiri a ku Britain pa malo otchedwa Bletchley Park ankamasulira mauthenga obisika a asilikali a Hitler, ndipo mmodzi mwa ogwira ntchito pamenepo, John Cairncross, ankaba ena mwa mauthengawo n'kumapatsa boma la Russia mu 1943. Ntchito ya ku Bletchley Park idaululidwa poyera mu 1974, zaka zitatu Gehlen atasindikiza buku lake. Ajeremani ambiri audindo ankafunafuna munthu wowapereka pakati pawo, osadziwa kuti adani ankawerenga makalata awo.

Nanga n'chifukwa chiyani Gehlen adakakamira pa Bormann? Za mumtima mwa munthu n'zovuta kuziweruza, koma mbiri ya ntchito yake ili poyera. Mu Novembala 1942 nthambi yake inkayembekeza kuti nkhondo yaikulu ya asilikali a ku Russia igwera pakati pa mzere wa nkhondo, ndipo sidaone kukula kwa msampha wa ku Stalingrad. Mu Juni 1944 idayang'ananso kolakwika, kumwera, pamene chimkuntho chidadzera ku Belarus n'kuphwanya gulu lalikulu la ankhondo a Germany. Kwa munthu amene adaphonya kawiri motero, nkhani ya mdani wobisala pambali pa Hitler idali mthunzi wabwino wopumirapo. Ndipo ngati funso lili lakuti Gehlen ankatha kuzindikira kazitape wa ku Russia pomuona, yankho lili m'nyumba mwake momwe. Heinz Felfe, amene kale adali wa gulu la SS, adakwera mpaka kukhala mmodzi mwa akuluakulu olimbana ndi akazitape a ku Russia m'bungwe la Gehlen, chonsecho kwa zaka pafupifupi 10 ankagwirira ntchito Moscow. Ena adamkayikira, koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Adamangidwa mu Novembala 1961.

Gehlen adamwalira mu 1979. Okayika za mafupa aja sadatheretu, ndipo mabuku onena kuti Bormann adapulumuka adapitiriza kutuluka. Potsiriza, mu 1998, akatswiri a ku Munich adayeza DNA, ndiye kuti chizindikiro cha mtundu chimene munthu amatengera kwa makolo ake, nayerekeza cha m'mafupawo ndi cha wachibale wina wa Bormann. Zidagwirizana. Mu Ogasiti 1999 mafupawo adatenthedwa ndipo phulusa lake lidamwazidwa m'nyanja ya Baltic, kuti pasakhale manda amene otsatira chipani cha Nazi angamasonkhanepo.