Malamulo Oteteza Ana Ndi Udindo Wa Mafumu Kwa Kanduku

Dziko la Mfumu Yaikulu Kanduku, m'boma la Mwanza, lili pafupi ndi msewu waukulu wochokera ku Blantyre wopita ku Zobue ndi Tete. Msewuwu ubweretsa malonda, pakuti manachesi a ku Mwanza agulidwa ndi apaulendo ambiri. Koma pomwe pali malire pamakhalanso anthu oipa mtima amene anyenga makolo osauka, natenga ana awo kunka nawo kutsidya kukagwira ntchito m'minda. Nchifukwa chake nkhani ya malamulo oteteza ana ili yaikulu kwa anthu a kumeneko.

M'chaka cha 2010 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la kasamalidwe, chitetezo ndi chilungamo cha ana. Lamuloli liletsa kuzembetsa mwana, kumukwatitsa mokakamiza, kumuchititsa miyambo yowononga moyo wake, ndi kumupereka ngati chikole cha ngongole. Wozembetsa mwana akhoza kukhala m'ndende moyo wake wonse, ndipo wokwatitsa mwana mokakamiza akhoza kumangidwa zaka 10.

Komabe panatsala mpata. Lamulo lija linati mwana ndiye wosakwana zaka 16, ndiponso malamulo aakulu a dziko analola wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera. Kotero mtsikana wa zaka 16 kapena 17 analibe pothawira. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, koma silikanapambana malamulo aakuluwo. Tsono mu February 2017 aphungu anakonza malamulo aakulu, nagwirizana kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo chilolezo cha makolo chinachotsedwa.

Boma lachita mbali yake, koma lamulo lolembedwa ku Lilongwe silidziwa zochitika kuseri kwa nkhokwe. Amene adziwa kuti mwana wakuti waleka sukulu, kapena kuti mlendo wafika usiku ndi ndalama, ndiwo anyakwawa, ankhoswe, aphunzitsi ndi atsibweni. Iwowa akakhala chete, mlandu sufika kwa apolisi kapena kubwalo la milandu ya ana.

Munthu woona mwana akuzunzidwa auze mfumu, apite kupolisi pa Boma la Mwanza, kapena aimbe lamya yaulere pa nambala 116. Mfumu yolandira nkhuku kuti ibise mlandu wotere idziwe kuti kugonana ndi mwana si mlandu woweruza pabwalo la m'mudzi.